Maphunziro a zilankhulo, chipembedzo ndi kompyuta pakati pa othawa kwawo ku Dzaleka

DOWA: Pa msasa wa anthu othawa kwawo wa Dzaleka m'boma la Dowa pali maphunziro ambiri amene sachitikira m'sukulu za pulaimale kapena sekondale. Amachitikira m'matchalitchi, m'mizikiti, m'tizipinda ta mabungwe ngakhalenso m'nyumba za anthu.

Ophunzira ake ndi akuluakulu amene adafika m'dziko muno osadziwa Chingerezi kapena Chichewa, achinyamata amene sukulu idawadukira panjira kaamba ka nkhondo, komanso ana amene sadakonzeke kulowa m'kalasi ya boma. Zimene amaphunzira zili m'magulu atatu akuluakulu, omwe ndi zilankhulo, chipembedzo ndi luso logwiritsa ntchito kompyuta.

Nkhaniyi ikukhudza maunduna ndi nthambi zingapo za boma, maka zoona za chitetezo cha m'dziko, maphunziro, ntchito ndi chitukuko cha m'madera. Thandizo limene mabungwe akunja amapereka pa msasawu lakhala likucheperachepera, choncho funso la amene adzapitirize maphunzirowa ndi m'mene angapindulire dziko lino silingapewedwenso.

Mbiri ya msasa wa Dzaleka

Dzaleka ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kuchokera mumzinda wa Lilongwe. Mu ulamuliro wa chipani chimodzi malowa adali ndende ya anthu omangidwa pa zifukwa za ndale, ndipo ena mwa amene adasungidwako adali a Mboni za Yehova, amene chipembedzo chawo chidaletsedwa mu 1967 mpaka 1993.

Mu 1994 boma mogwirizana ndi bungwe la United Nations loona za anthu othawa kwawo la UNHCR lidasandutsa malowa kukhala msasa, pofuna kulandira anthu amene ankathawa nkhondo ndi kuphana m'maiko a Rwanda ndi Burundi. Pambuyo pake kudayamba kufika anthu ochuluka ochokera ku Democratic Republic of Congo, ndi ena ochepa ochokera ku Somalia ndi Ethiopia.

Msasawu udakonzedwa kuti uzisunga anthu a pakati pa 10,000 ndi 12,000, koma pofika mu 2023 chiwerengero chidali chitapitirira 50,000. Oposa theka ndi ochokera ku Congo, ndipo gawo lalikulu ndi ana ndi achinyamata, ena mwa iwo obadwira pa msasa pomwepo.

Aka sikadali koyamba kuti Malawi alandire alendo otere. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 dziko lino lidasunga anthu oposa 1 miliyoni othawa nkhondo ku Mozambique, maka m'maboma a m'malire monga Nsanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza.

Komabe pali kusiyana kwakukulu pakati pa magulu awiriwa. Ambiri mwa anthu a ku Mozambique ankalankhula Chisena, Chichewa, Chiyao kapena Chilomwe, motero ankamvana ndi eni mudzi tsiku lomwe afika. Ndiponso mgwirizano wa mtendere umene udasainidwa ku Rome mu October 1992 udachititsa kuti ambiri abwerere kwawo m'zaka zochepa.

Anthu a pa Dzaleka adabwera ndi zilankhulo zachilendo, ndipo nkhondo za kwawo, maka kum'mawa kwa Congo, sizidathe. Akale adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma pa Dzaleka papita zaka zoposa 30 alendo akadali pomwepo. N'chifukwa chake maphunziro adasanduka chosowa chachikulu mofanana ndi chakudya, madzi ndi pogona.

Chilankhulo ndicho chimayamba

Chilankhulo chimene chimamveka kwambiri pa msasawu ndi Chiswahili, chomwe chimalumikiza anthu a mitundu yosiyanasiyana. Palinso Kirundi, Kinyarwanda, Chifalansa, Chilingala, Chisomali ndi zina zambiri.

Anthu ophunzira ochokera ku Congo ndi Burundi adachita sukulu yawo m'Chifalansa. Chimodzimodzinso a ku Rwanda amene adaphunzira dzikolo lisadasinthe n'kuyamba kuphunzitsa m'Chingerezi mu 2008. Izi zikutanthauza kuti mphunzitsi, namwino kapena kalaliki amene adali wodalirika kwawo amafika kuno osatha kuwerenga kalata ya ku ofesi kapena kulongosola matenda ake kwa dokotala popanda womasulira.

Makalasi a Chingerezi ndiwo amakopa anthu ambiri, ndipo zifukwa zake n'zodziwika. Sukulu za m'dziko muno zimaphunzitsa m'Chingerezi, mayeso a bungwe la Maneb amalembedwa m'Chingerezi kupatula phunziro la zilankhulo zina, ndipo wophunzira sangalandire satifiketi ya MSCE ngati sadakhoze phunziro la Chingerezi. Mwana wa zaka 15 amene wafika kuchokera ku Uvira kapena Bukavu amayenera kuyamba waphunzira chilankhulochi asadalowe kalasi yolingana ndi msinkhu wake.

Kawirikawiri makalasiwa amagawidwa m'magawo, kuyambira amene sadziwa kalikonse mpaka amene akukonzekera mayeso olowera ku sukulu za ukachenjede. Aphunzitsi ambiri ndi othawa kwawo anzawo amene adafika kale, ndipo ubwino wake ndi wakuti amatha kufotokoza malamulo a Chingerezi m'Chiswahili kapena m'Chifalansa.

Chichewa chimaphunziridwa mosiyanako. Ana amachiphunzira kusukulu monga phunziro ndiponso posewera ndi anzawo, pamene akuluakulu amachitolera pamsika, kuchipatala ndi m'maminibasi. Msika waukulu wa Lachiwiri, umene anthu a pa msasa amautcha Mardi Marché m'Chifalansa, ndi malo amene alimi a m'midzi yozungulira ndi othawa kwawo amakumana pogulitsana ndiwo zamasamba, chimanga, nyemba ndi ziweto.

Palinso gulu lina limene nthawi zambiri limaiwalika, lomwe ndi la amayi amene sadapiteko kusukulu ngakhale kwawo. Iwowa amafunika kuyamba ndi kuwerenga, kulemba ndi kuwerengera, monga zimakhalira m'sukulu za kwacha zimene boma lakhala likuyendetsa m'dziko muno kuyambira mu 1986.

Kudziwa chilankhulo ndi chitetezonso. Mu 2022 nthambi ya United Nations yolimbana ndi umbanda ndi mankhwala ozunguza bongo ya UNODC idalengeza kuti mogwirizana ndi apolisi idatulukira mchitidwe wozembetsa anthu pa msasawu. Munthu amene satha kulankhula ndi wapolisi kapena kuwerenga pepala limene akumusainitsa ndiye amagwa msanga m'manja mwa anthu oterewa.

Matchalitchi ndi mizikiti

Munthu akafika pa msasa, malo oyamba amene amapezako anthu olankhula chilankhulo chake nthawi zambiri amakhala tchalitchi kapena mzikiti. Pa Dzaleka pali mipingo yambirimbiri, kuphatikizapo wa Katolika, wa Seventh Day Adventist ndi ya chipentekoste, komanso pali Asilamu.

M'mipingo ya Chikhristu muli makalasi a katekisimu, Sande sukulu, maphunziro a Baibulo ndi makwaya. Asilamu ali ndi madrasa, kumene ana amaphunzira zilembo za Chiarabu, kuwerenga Korani ndi mapemphero a tsiku ndi tsiku.

Maphunzirowa amachita zambiri kuposa kuphunzitsa chikhulupiriro. Kwa ana obadwira pa msasa, tchalitchi ndi amodzi mwa malo ochepa kumene amaona chilankhulo cha makolo awo chitalembedwa, popeza Baibulo ndi mabuku a nyimbo amapezeka m'Chiswahili, Kirundi ndi Kinyarwanda. Kwa akuluakulu amene adaona abale awo akuphedwa, gulu la mapemphero limakhala malo otonthozana pamene alangizi a zamaganizo ndi ochepa.

Nyumba zopemphereramo zimathandizanso pa nkhani ya malo. Pa msasa wodzaza chotere chipinda chokhala ndi mabenchi ndi denga n'chosowa, motero pakati pa sabata matchalitchi ena amasanduka makalasi a Chingerezi, sukulu za mkaka kapena malo a misonkhano.

Mabungwe ena amene achita zambiri pa maphunziro pa Dzaleka adachokera m'chipembedzo. Limodzi ndi Jesuit Refugee Service, mwachidule JRS, limene lidakhazikitsidwa mu 1980 ndi Bambo Pedro Arrupe, amene adali mkulu wa ansembe a chipani cha Jesuit mu mpingo wa Katolika. M'zaka za m'ma 2000 ndi 2010 bungweli lidali patsogolo poyendetsa sukulu ya pulaimale, ya sekondale ndi maphunziro a akuluakulu pa msasawu, ndipo linkalandira ophunzira mosayang'ana chipembedzo.

Lina ndi There is Hope, limene adaliyambitsa mu 2006 a Innocent Magambi, omwe adakhala moyo wothawa kwawo kwa zaka zambiri, kuphatikizapo pa Dzaleka, ndipo adalemba buku la mbiri yawo lotchedwa Refugee for Life. Bungweli lidadziwika ndi maphunziro a Baibulo kwa atsogoleri a mipingo, kulipirira ophunzira ku sukulu za ukachenjede ndi maphunziro a ntchito zamanja kwa othawa kwawo ndi Amalawi omwe.

Kuphunzitsa atsogoleri a mipingo n'kofunika pa chifukwa china. Anthu a pa msasa adachokera m'maiko amene mudali kusankhana mitundu kofika pophana, ndipo nthawi zina mipingo imatsatira mizere yomweyo ya mtundu ndi chilankhulo. Mbusa kapena shehe wophunzitsidwa bwino angathe kuyanjanitsa anthu, pamene wosaphunzitsidwa angathe kukolezera udani wakale.

Malamulo aakulu a dziko lino amateteza ntchito zoterezi. Gawo 33 limapereka kwa munthu aliyense ufulu wa chikumbumtima ndi chipembedzo, gawo 26 limapereka ufulu wogwiritsa ntchito chilankhulo ndi chikhalidwe chimene munthu wasankha, pamene gawo 25 limanena kuti anthu onse ali ndi ufulu wa maphunziro.

Luso la kompyuta

Makalasi a kompyuta amayambira pa zinthu zazing'ono monga kuyatsa makina, kutayipa, kulemba kalata ndi Word, kuwerengera ndi Excel komanso kutumiza uthenga pa intaneti. Amene apita patsogolo amaphunzira kukonza masamba a pa intaneti, kujambula ndi kulemba mapulogalamu a m'mafoni.

Chitsanzo chodziwika ndi TakenoLAB, sukulu imene idayambitsidwa pakati pa zaka za m'ma 2010 ndi mnyamata wothawa kwawo wochokera ku Burundi. Poyamba makompyuta adali osowa moti ophunzira ankayeserera kutayipa pa mapepala ojambulidwa mabatani a kompyuta. Mu 2017 kampani ya Microsoft mogwirizana ndi UNHCR idatsegula pa msasawu malo ophunzitsira achinyamata kulemba mapulogalamu, otchedwa AppFactory.

Chimene chimakokera achinyamata ku luso limeneli n'chosavuta kumvetsa. Munthu amene saloledwa kuchoka pa msasa popanda chilolezo angathe kuphunzira, kulemberana ndi abale ake ngakhalenso kugwira ntchito zing'onozing'ono za makampani akunja ali pomwepo, bola akhale ndi kompyuta, magetsi ndi intaneti.

Zinthu zitatuzi ndizo zimavuta. Makompyuta ndi ochepa ndipo ophunzira amachita kusinthana, magetsi amazimazima pokhapokha pamene pali sola, ndipo mtengo wa intaneti ndi wokwera kwa banja limene likudalira thandizo la chakudya. Wogwira ntchito pa intaneti amafunanso njira yolandirira malipiro, zomwe zimalira chiphaso chovomerezeka. Mu 2018 New Finance Bank idatsegula nthambi yake pa msasawu, ndipo izi zidachepetsako vutoli.

Njira yopita ku sukulu za ukachenjede

Magulu atatu a maphunzirowa amalumikizana, ndipo zipatso zake zimaoneka bwino pa maphunziro a ukachenjede. Mu 2010 Dzaleka idali amodzi mwa malo oyamba, pamodzi ndi msasa wa Kakuma ku Kenya, kumene ansembe a Jesuit adayambitsa ndondomeko yotchedwa Jesuit Commons: Higher Education at the Margins.

Kudzera m'ndondomekoyi ophunzira ankachita dipuloma ya Regis University ya mumzinda wa Denver ku America, akuphunzira pa intaneti koma akukumana m'chipinda chimodzi pa msasa. Mu 2016 ndondomekoyi idasintha dzina n'kukhala Jesuit Worldwide Learning. Pambuyo pake Southern New Hampshire University, ya ku America komweko, idayambanso kupereka maphunziro a digiri pa intaneti kwa ophunzira a pa Dzaleka.

Palinso mwayi wa DAFI, thumba la boma la Germany lolipirira othawa kwawo m'mayunivesite a m'dziko limene akukhala, ndi ndondomeko ya World University Service of Canada imene imatenga ophunzira ochepa kupita nawo ku Canada.

Wochuluka mwa mwayi umenewu munthu sangaupeze osadziwa Chingerezi, ndipo umafunanso kompyuta. Malo ake ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi ofuna.

Zimene malamulo akunena

Apa m'pamene pali mfundo imene akuluakulu a boma ayenera kuilingalira mofatsa. Malawi adalowa mu pangano la United Nations la 1951 lokhudza anthu othawa kwawo mu 1987, ndipo mu 1989 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo la dziko lino loona za anthuwa.

Polowa mu panganoli dziko lino lidanena kuti silidzamangika kwathunthu ndi ndime zisanu ndi zinayi. Mwa izo muli ndime 17 yokhudza ntchito yolembedwa, ndime 22 yokhudza maphunziro a boma, ndime 26 yokhudza ufulu woyenda ndi kusankha kokhala, ndi ndime 34 yokhudza kupatsidwa unzika.

Zotsatira zake n'zakuti wothawa kwawo amayenera kukhala pa msasa, ndipo sangalembedwe ntchito kunja popanda chilolezo chofanana ndi chimene mlendo wina aliyense amafunika kukhala nacho. Mu March 2023 boma lidalamula onse amene ankakhala m'matauni ndi m'midzi kuti abwerere ku Dzaleka pofika pa 15 April, ndipo mu May chaka chomwecho lidayamba kuwabweza. Boma lidapereka zifukwa za chitetezo ndi kuteteza malonda a nzika, pamene UNHCR ndi mabungwe ena adadandaula kuti msasawu udali wodzaza kale.

Pa nkhani ya maphunziro, izi zikutanthauza kuti munthu angathe kukhala ndi dipuloma kapena digiri koma osaigwiritsa ntchito m'dziko muno. Ambiri amathera pophunzitsa anzawo kapena kumasulira m'mabungwe, kumene amalandira kangachepe kongowathokoza osati malipiro enieni.

Mu December 2019, pa msonkhano waukulu wokambirana za othawa kwawo ku Geneva, Malawi adalonjeza kuunikanso malamulo ake ndi kuphatikiza anthuwa m'ndondomeko za chitukuko cha dziko. Tsogolo la maphunziro a pa Dzaleka likudalira kwambiri m'mene lonjezoli lidzakwaniritsidwire.

Ngakhale zili choncho, maphunzirowa sapita pachabe. Pali njira zitatu zimene umoyo wothawa kwawo umathera, zomwe ndi kubwerera kwawo, kukhazikika m'dziko limene munthu adathawirako, kapena kusamutsidwira ku dziko lina. Njira yachitatuyi ndi imene ambiri amailakalaka, koma pa dziko lonse imafikira anthu osakwana mmodzi pa 100 alionse pa chaka. Pa njira iliyonse mwa zitatuzi, munthu wodziwa kuwerenga, zilankhulo zingapo ndi kompyuta savutika kuyambanso moyo ngati amene adangokhala.

Phindu kwa Amalawi

Maphunziro a pa Dzaleka sathandiza alendo okha. Ana a m'midzi yozungulira akhala akuphunzira m'sukulu za pa msasawu, ndipo mabungwe ambiri amasunga malo a Amalawi m'makalasi a kompyuta ndi a ntchito zamanja monga ukalipentala, kusoka, kumanga ndi kuwotcherera zitsulo.

Mwambi uja umati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Pa msasawu pali anthu odziwa Chifalansa ndi Chiswahili, zilankhulo zimene zimagwiritsidwa ntchito m'mabungwe a SADC ndi African Union komanso pa malonda ndi maiko a Tanzania ndi Congo. Chifalansa chimaphunzitsidwa m'sukulu zina za sekondale m'dziko muno, ndipo amalonda ambiri a kuno amakagula katundu ku Dar es Salaam.

Chikondwerero cha Tumaini, chimene adachiyambitsa mu 2014 mlakatuli wochokera ku Congo wotchedwa Menes La Plume, chidaonetsanso kuti luso la pa msasa lingathe kukopa alendo ndi kubweretsa ndalama m'boma la Dowa.

Mavuto ndi zofunika kuziganizira

Vuto loyamba ndi ndalama. Mu 2023 bungwe la World Food Programme lidachepetsa thandizo la chakudya pa msasawu kufika pa theka la chimene munthu amafunika, ndipo mu 2025 kudulidwa kwa thandizo la dziko la America kudakhudza mabungwe ambiri othandiza othawa kwawo pa dziko lonse. Chakudya chikachepa ophunzira amasiya makalasi kukafuna ganyu, ndipo aphunzitsi odzipereka nawonso amachita chimodzimodzi.

Vuto lachiwiri ndi la masatifiketi. Makalasi ambiri ang'onoang'ono amapereka mapepala amene sadziwika kwina kulikonse. Pamene maphunziro a ntchito zamanja alumikizidwa ku bungwe la Teveta, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1999, wophunzira amatuluka ndi pepala lovomerezeka, ndipo njira yofananayo ingathandize makalasi a kompyuta.

Vuto lachitatu ndi la amayi ndi atsikana, amene amatanganidwa ndi kutunga madzi, kulera ana ndi kufuna nkhuni. Makalasi amene amachitika pa nthawi yowakomera, kapena amene ali pafupi ndi sukulu ya mkaka, ndiwo amatha kuwasunga mpaka kumapeto.

Pali zinthu zingapo zimene maofesi a boma angachite popanda kudikira ndalama zambiri. Nthambi yoona za othawa kwawo ndi khonsolo ya Dowa zingathe kukhala ndi kaundula wa makalasi onse, pofuna kudziwa amene akuphunzitsa, zimene akuphunzitsa ndi ngati ana ali otetezedwa. Alangizi a chitukuko cha m'madera angathe kugawana ndi aphunzitsi a pa msasa mabuku a Chichewa a sukulu za kwacha.

Apolisi, anamwino ndi ogwira ntchito yoona za olowa ndi otuluka amene amatumizidwa ku Dowa kapena ku Karonga, kumene othawa kwawo ambiri amalowera, angapindulenso ataphunzira Chiswahili choyambira. Aphunzitsi a chilankhulochi alipo kale pa Dzaleka.